Chifukwa Chake Apongozi a M'phiri Saoneka

Lowani kuno kunsi kwa thanthwe, inu, madengu muike kumtundako kuti bowa asanyowe. Mvula iyi si yothawa, ndi yodikira. Iwe Ganizani, chotsa mwendo pa chitenje changa. Nawe Ndaziona, bwera ukhale apa ndipo uleke kunjenjemera. Chimene waona m'matope muja ndi phazi chabe, phazi silinalumepo munthu.

Ganizani, ndakumva zimene umanong'oneza mnzakozo. Akuti aphunzitsi anu ananena kuti m'phiri muno mulibe chinyani choyenda ngati munthu, akuti ndi nkhani zoopsezera ana, chifukwa palibe amene anachionapo ndi maso. Pa zosaonazo aphunzitsi sananame. Ine azakhali anu ndazula bowa m'phiri la Kachenga muno kuyambira ndili kamtsikana kopanda mano akutsogolo, ndipo sindinawaonepo. Amayi anga anakalamba mpaka kufa osawaona. Koma kusawaona komweko ndi kumene kumanditsimikizira ine kuti alipo. Mwaseka eti? Sekani mumalize, kenaka munditchere khutu, chifukwa ine sindibwereza. Ndipo muleke kunena kuti chinyani, mwano umenewo. Kwathu kuno timati apongozi a m'phiri.

Kalekale, nkhalango ikufika mpaka kuseri kwa nkhokwe za m'mudzi, iwowa sankabisala ayi. Makolo ankawatcha eni thengo. Anali aatali moti polowa m'mudzi ankachita kuwerama pa nthambi za mkuyu. Ubweya thupi lonse, wofiirira ngati dothi la pachulu, manja ofika m'maondo, mchira analibe. Kuyankhula ankayankhula, koma pang'onopang'ono, mawu ochokera pansi pa mimba, moti munthu wopupuluma ankatopa moni usanathe. Ankabwera masana dzuwa likuswa mtengo, atanyamula masuku ndi uchi, anthu n'kuwapatsa mchere ndi maungu ootcha. Mtengo wa denga umene amuna ankaugwirira m'chigulu, mwini thengo mmodzi ankangouika paphewa n'kufunsa kuti auike pati.

Vuto lawo linali limodzi. Sankatha kusiyanitsa anthu. Ankati tonse timafanana, nkhope zosalala zopanda ubweya, mphuno zofanana, ndipo ukawauza kuti anunkhize, ankati tonse timanunkha utsi. Munthu amene anamupatsa uchi dzulo, lero ankamufunsa dzina. Anthu ankangoseka, poti zinalibe vuto nthawi imeneyo.

Chaka china kunagwa njala, ya mtundu uja anthu amakumba mizu yowawa. Anthu ochokera kutali ankadutsa m'phiri muno kusaka kumene kuli chakudya. Mayi wina anatsalira pa ulendo, anakhala pansi pa msuku kuti apume, osadzukanso. Khanda linali kumsana, likulira mpaka mawu kusasa. Amene analimva anali mwini thengo wamkazi, dzina lawo aNathengo, amene mwana wawo anali atangomwalira ndi njala yomweyo, mkaka ukadali m'mawere. Anaunjika miyala pa thupi la mayi uja kuti afisi asalipeze, khanda n'kulifungata. Anatsika nalo kumudzi, kufunsa khomo ndi khomo kuti mwanayu ngwa ndani. Aliyense ankayang'ana kumbali. Musawaweruze msanga, ana inu, simunaionepo njala. Mayi wina wachisoni anangomupatsa dzina, anati akhale Tsalani, poti anzake onse apita.

Ndiye aNathengo anabwerera naye kuphanga kwawo, n'kumulera. Anamuyamwitsa, anamuphunzitsa kukwera mitengo ndi kudziwa chipatso chodya ndi chakupha. Koma atayamba kuyenda, m'mawa uliwonse ankamusenza paphewa kupita naye kumudzi kuti akasewere ndi anzake, akaphunzire kusinja, kutunga madzi ndi kugwada popereka moni. Ankati ndi mwana wa anthu, asadzakule mlendo kwa anthu ake. Mwa anthu onse a pa dziko, Tsalani yekha ndi amene aNathengo ankamuzindikira, osati ndi nkhope koma ndi mawu. Mwanayo akaitana kuti huuwe, iwo ankayankha huu, ngakhale ali kutsidya kwa chigwa.

Tsalani anakula, anakhala namwali wamphamvu, wosachedwa kuseka, woyenda mofulumira ngati wina akumuthamangitsa. M'mudzimo munali mnyamata wina dzina lake Sankhulani, wopachika ming'oma ya njuchi. Ntchito ankaidziwa, mtima wake sunali woipa, koma anali ndi nthenda imodzi imene ndimaionanso mwa ena muli panonu: ankaopa kusekedwa kuposa kulumidwa ndi njuchi. Anakumana ndi Tsalani m'mwamba mwa mtengo, iye akulimbana ndi mng'oma umene unkafuna kugwa, mtsikanayo n'kuugwira ndi dzanja limodzi. Kuyambira tsiku lomwelo mnyamata sanagonenso tulo.

Ankhoswe anayenda, mawu anamveka. Mwa mwambo wathu, Sankhulani anayenera kupita chikamwini, kukamanga kwawo kwa mkazi, ndiye kuti kuphanga. Iye anapempha chitengwa, kuti mkazi abwere kwawo. ANathengo sanavute. Anati mwana wa anthu akakhale ndi anthu, chimene iwo akupempha n'chakuti pakhomo pa mwana wawo pazikhala pamalo poti iwo azikhalapo akabwera kudzacheza. Onse anavomera, anaomba m'manja, ukwati unatheka.

Ndiye kudzachezako anayamba. Tsiku ndi tsiku, aNathengo ali pakhomo, atanyamula masuku, nthudza, uchi, nkhuni za mwezi wathunthu. Anakhala pakhonde, khonde linagumuka. Anafuna kuthandiza kusinja, mtondo unang'ambika. Ankakonda mkamwini wawo ndi mtima wonse, koma poti nkhope sankaidziwa, ankangokumbatira mwamuna aliyense amene wadutsa pakhomopo n'kumutcha mwana wanga. Anyamata a m'mudzi anapeza chosekera. Ankamufunsa Sankhulani ngati apongozi ake amawameta ndi chikwakwa. Ankati ana ake adzabadwa atavala kale bulangete. Iye ankaseka nawo ndi mano okha, mumtima mukuwira.

Tsiku loipa linafika amuna ali pabwalo, akuluka nsengwa ndi kucheza. ANathengo anatulukira, anafunsa kuti mkamwini wanga ndi uti, anyamata n'kuloza msangamsanga, poti ankadziwa kuti pachitika zoseketsa. Anafika, anamukhazika Sankhulani pakati pa miyendo yawo ngati kamwana, n'kuyamba kumufuna nsabwe m'mutu. Kwa eni thengo, kumeneko ndiye kukonda kwenikweni, sachitira munthu wamba. Koma tangoganizani, mwamuna wa ndevu zake, apongozi akumupenda m'mutu pamaso pa mudzi wonse! Anthu anaseka mpaka ena kugubuduka m'fumbi. Sankhulani anangodzuka, n'kupita kukakhala kuseri kwa khola mpaka dzuwa kupendeka.

M'mawa mwake anakwera phiri yekha, mkazi wake osamuuza. Anawapeza aNathengo akuswa mtedza wa m'thengo pamwala, anakhala chapatali, n'kudzitchula dzina kuti amudziwe. Kenaka anayamba kuwafotokozera mwambo wa apongozi. Inu mukuudziwa, mwaona momwe bambo anu amapatukira kulowa m'chimanga akaona amayi a mkazi wawo akubwera panjira. Mkamwini ndi apongozi aakazi saonana nkhope, sadyera pamodzi, sakhala mphasa imodzi, mpaka tsiku limene achita mwambo wochotsa manyazi. Zimene ananena Sankhulani zinali zoona ndithu. Bodza linali mumtima, chifukwa mwambo umenewu ndi wa anthu awiri, onse amapatuka, koma iye anausenzetsa munthu mmodzi.

ANathengo anamvetsera, mwala uli m'manja. Anafunsa kuti chimachitika n'chiyani munthu akapanda kusunga mwambowo.

"Anthu adzati Tsalani ndi mwana wa nyama, wosalangidwa," anatero Sankhulani. "Ayamba kale kunena."

Mwala uja unagwa pansi. Patapita nthawi aNathengo anafunsa kuti manyaziwo amatha liti, ndipo iye anati amatha mkamwini akabweretsa nkhuku yoyera ndi manja ake, apongozi n'kuilandira. Anati adzabweretsa ikapezeka.

"Nanga ndidzakudziwani bwanji panjira kuti ndipatuke, akamwini?" anafunsa aNathengo. Kanali koyamba kumuitana choncho, kale ankangoti mwana wanga. "Nonse mumafanana."

Apa ndi pamene Sankhulani anaponya mawu amene atisowetsa eni thengo mpaka lero. Sanaganize n'komwe, ankangofuna kutsika phiri asanapse ndi dzuwa.

"Ndiye muzingopatuka kwa aliyense," anatero.

ANathengo anagwedeza mutu. Anati mwana wawo asasekedwe chifukwa cha iwo, adzasunga mwambo kuposa munthu aliyense wobadwa m'mudzi. Ndipo tsiku lomwelo anayenda m'phiri monse kuuza abale awo kuti mkamwini wa mmodzi ndi mkamwini wa onse, kuyambira lero akamva mapazi a munthu azipatuka.

Mudzi unadzuka uli zii. Palibe wobweretsa uchi, palibe wosenza mitengo. Tsalani anadikira, kenaka anakwera phiri n'kuitana huuwe. Amayi ake anayankha, anatuluka atayang'anayang'ana kaye ngati kumbuyo kwake kulibe munthu. Atawafunsa chimene chalakwika, anangoti ndi mwambo, mwana wanga, tikudikira nkhuku ya akamwini. Za kusekedwa zija sananene, poopa kupasula banja la mwana wawo. Tsalani anatsika wokondwa, poganiza kuti nkhuku si chinthu chovuta.

Ha, nkhuku imeneyo! Ulendo woyamba Sankhulani anati yoyerayo ikufungatira mazira. Ulendo wina anati yatengedwa ndi kabawi. Kenaka anati tidikire tikolole, kenaka anati tidikire mvula ithe. Pakhomo pake nkhuku zoyera zinkaswana, zina ankaphera alendo, koma ya apongozi sinkapezeka. Kunena zoona moyo unkamukomera, poti pabwalo anali atasiya kumuseka. Tsalani anabereka mwana woyamba amayi ake palibe. Analira kwambiri tsiku limenelo, osati ndi ululu wa kubereka wokha. M'mawa anapeza mulu wa masuku ndi chisa cha uchi pamwala wa kumalire a munda, ndi mapazi aakulu obwerera kuphiri. Mwana aliyense akabadwa zinkatero. Ankapita nawo anawo kuphiri kuti agogo awo akawaone, koma minda inkakula, mitengo inkagwa, anthu m'njira anachuluka, ndipo aNathengo popatukapatuka ankasunthira m'mwamba, kutali moti mayi wa mwana kumsana sankatha kufikako kawirikawiri.

Zaka zinapita. Ambiri amene ankacheza ndi eni thengo anakalamba, m'mudzi munadzaza obwera ndi ana osawadziwa. Ndipo mukudziwa mmene anthu tilili, chimene sitikuchiona timachikuza ndi pakamwa. Anyani akaba chimanga, ankati ndi chinyani cha m'phiri. Mbuzi ikasowa, chinyani. Ena anayamba kulumbira kuti chili ndi mano ngati makasu, ena ankati kulibe n'komwe, ndi nkhani za okalamba. Tsalani akawatsutsa, ankamuyang'ana ngati wozungulira mutu. Sankhulani sankamuikira kumbuyo.

Mwana wawo wotsiriza anali kamtsikana, dzina lake Tikhale, kongoyamba kumene kuthamanga, kokondedwa ndi bambo ake kuposa ming'oma yawo yonse. Nyengo ngati inoyi, ya bowa, amayi anakwera phiri ndi madengu, Tikhale ali nawo. Tsalani anamutsitsa kumsana kuti azule utale pachulu. Nkhungu inatsika mwadzidzidzi, ija yoti dzanja lako lomwe suliona. Pamene inkayera, mwana palibe.

Mfuu unafika kumudzi, anthu anakhamukira kuphiri. Wina anaona phazi lalikulu m'matope pafupi ndi chulu chija, n'kukuwa kuti chinyani chaba mwana. Basi amuna anabwerera kukatenga mikondo, mauta ndi agalu. Tsalani anawachonderera kuti amenewo ndi amayi ake, asiye zida, koma ndani akanamva mayi wolira? Iye anaitana huuwe, ndipo kutali, kumtunda kwa chigwa, kunamveka huu. Amuna aja atamva anathamangira komweko, agalu patsogolo. Atafika anapeza masamba ofunda pamene panakhala chinthu chachikulu, ndi makoko a masuku otafunidwa ndi timano tating'ono. Tsalani anaitananso, yankho linamveka kutali kuposa poyamba. Anathamangiranso. Tsiku lonse linatha choncho, mvula ikuwakwapula, ndipo mdima unawabweza chimanjamanja. Sankhulani anafika pakhomo mawu atatha ndi kuitana mwana.

Kutacha anakweranso, anthu ochuluka kuposa dzulo. Pamtsinje anapeza mapazi aja pamchenga. Tsalani anagwada, anawayang'anitsitsa, n'kuona kuti mapaziwo sakuthawa molunjika ayi. Ankatsika kulowera kumudzi, n'kubwerera, n'kutsikanso mbali ina, n'kubwereranso, paliponse pamene akumana ndi mapazi a anthu. Anadzuka n'kumuyang'ana mwamuna wake m'maso, pamaso pa anthu onse.

"Bambo a Tikhale, amayi akufuna kutibwezera mwana, koma akupatuka. N'chifukwa chiyani akupatuka kwa anthu onsewa? Mkamwini wawo ndinu nokha. Munawauza chiyani?"

Sankhulani anayang'ana mapazi aja, anayang'ana mikondo. Anaulula zonse pomwepo, za nsabwe, za mwala, za mawu aja akuti muzingopatuka kwa aliyense. Anaona yekha kuti chimene chikumutsekereza mwana wake si chilombo, ndi pakamwa pake pomwe. Mwana anagona kunja mvula ikugwa, ndipo anthu akapitiriza kusaka, agogo ake adzapitiriza kupatuka naye mpaka kuseri kwa phiri kumene kulibe njira. Ena mwa anyamata anayamba kuseka za nsabwe zija, poti nkhaniyo anali asanaimvepo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Sankhulani sanasamale.

Anawapempha onse kuti aike mikondo pansi ndi kumanga agalu. Ena anakana, anati chikatulukira chitipha. Iye anati amene akuopa atsike apite kwawo, koma mwanayo ndi wake, ndipo apongoziwo ndi ake. Kenaka anachita chimene anayenera kuchita kalekale, chimene mkamwini aliyense wolangidwa amachita. Anapatuka iyeyo. Anakhala pansi m'mphepete mwa mtsinje, nkhope kumudzi, msana kunkhalango, n'kufunda nsalu kumutu. Tsalani anakhala pambali pake. Mmodzimmodzi anthu aja anakhala pansi, onse misana kuphiri, amuna ndi akazi omwe. Ndipo Tsalani anakweza mawu osatembenuka, anaitana huuwe, n'kuonjeza kuti amayi, akamwini anu apatuka, njira ndi yanu.

Anadikira nthawi yaitali, mpaka ena miyendo kuchita dzanzi. Kenaka anamva nthambi kuthyoka. Anamva mapazi olemera akuwoloka madzi, pang'onopang'ono. Agalu analira n'kubisa mitu. Mnyamata wina khosi linayamba kumuyabwa kuti acheuke, mayi wina amene anakhala naye pafupi anamutsina m'ntchafu mpaka anaiwala. Kenaka kanamveka kamawu kakuti ababa, ndipo Sankhulani anamva timanja tofunda tikumugwira m'khosi. Mwana anali wouma, wokhuta, akununkha uchi. Usiku wonse anagona m'ubweya wa agogo ake, dontho la mvula silinamukhudze.

Bamboyo analira ngati mwana, nkhope ili m'nsalu. Ananena osatembenuka kuti apongozi, ndinakulakwirani, mwambo ndinakuuzani ndi theka, ndipo ndinakuuzani chifukwa cha manyazi anga, osati chifukwa cha Tsalani. Anati nkhuku ilipo, yakhala ilipo zaka zonsezi, mawa lomwe abwera nayo.

Kenaka mawu aja ochokera pansi pa mimba anayamba, pang'onopang'ono monga kale, ndipo tsiku limenelo palibe anatopa kudikira.

"Ndamva, akamwini. Mlandu palibe. Nkhukuyo ndidzalandira, koma osati mawa. Dzulo ndaona mikondo. Anthu awa sakundidziwa, akandiona ena adzaseka, ena adzaponya. Manyazi munandipatsawa andisunga ine ndi abale anga, tiyeni tiyambe tawasunga. Nkhukuyo muisamale. Idzabwere ndi munthu amene angandiyang'ane nkhope osaseka, osatola mwala."

Sankhulani anafunsa kuti nanga munthu woteroyo akachedwa kubadwa? ANathengo anati iwo kudikira anazolowera, ndipo nkhuku zimaswana. Anati m'phirimo ana a Tsalani sadzasochera, ndi ana a ana awo, bola akasokonezeka akhale pansi n'kufulatira nkhalango. Atatero, Sankhulani anamva nsalu ija ikukwezedwa pang'ono kumutu kwake, ndi zala zikuluzikulu zikudutsa m'tsitsi mwake kamodzi, mofatsa, monga tsiku lija pabwalo. Sanasunthe. Akuti mpaka ukalamba wake ankati palibe dzanja linamugwirapo bwino chotero.

Mapazi anawolokanso mtsinje. Pamene anthu ankatembenuka, anangoona nthambi zikugwedezeka. Tsalani yekha ndi amene anadzuka n'kuwatsatira, poti iye si mkamwini wa munthu, ndipo anakhala kumeneko mpaka madzulo. Kuyambira pamenepo ankakwera nyengo iliyonse ya masuku, mwamuna wake akumunyamulira ana mpaka pamtsinje, mwamunayo n'kukhala pamenepo chofulatira kudikira kuti mkazi wake abwere. Mikondo sinakwerenso phiri ili kukasaka eni thengo.

Ndi chifukwa chake lero apongozi a m'phiri saoneka. Alenje amapeza phazi, amapeza pogona pofunda, amamva huu kutsidya kwa chigwa, koma mwini wake ayi. Anabwerapo anthu ochokera kutali ndi makamera awo, anagona m'phiri muno mpaka zakudya kuwathera, n'kubwerera akunena kuti kulibe kanthu. Ine ndinangoseka. Ungapite kukasaka apongozi ndi gulu la anthu, n'kumayembekeza kuti akutulukira? Ukamawasaka kwambiri ndi pamene amapatuka kwambiri. Nyama yopanda nzeru bwenzi wina ataigwira kalekale. Amene angathe kubisala zaka zonsezi osalakwitsa ngakhale tsiku limodzi ndi munthu wamwambo basi.

Ndi chifukwa chakenso ife a mbumba ya Tikhale tikamazula bowa timasiya utale wabwino pamwala, ndipo mwana akasochera m'phiri sitithamanga ndi phokoso, timayamba takhala pansi n'kufulatira nkhalango. Ndipo nkhuku yoyera ija ya pakhomo, imene mumadandaula chaka ndi chaka kuti bwanji sitiipha pa Khirisimasi, mwadziwa tsopano mwini wake. Ikakalamba timasiya mwana wake woyera m'malo mwake. Amayi anga anandisiyira ine, ine ndidzasiyira mmodzi wa inu, ndipo tsiku lina wina adzainyamula kukwera nayo phiri lino, n'kubwerako atawaona nkhope. Ine ndikukhulupirira ndithu kuti munthu ameneyo adzabadwa, mwinanso anabadwa kale ndipo wakhala pansi pa thanthwe lomwe lino, mphuno ikuchucha.

Onani, mvula yakata. Iwe Ndaziona, sankha utale waukulu m'dengu lakolo, osati wodyedwa ndi nkhonowo, ndakuona, ukauike pamwala apo. Tikamatsika maso kutsogolo, ndipo mukamva nthambi kuthyoka kumbuyo musacheuke, mungoti zikomo apongozi, n'kumapita.

Ukuti chiyani, Ganizani? Ukufuna udzanyamule nkhukuyo ndiwe? Ndi legeni ili m'khosiyo, ndi miyala yodzaza m'thumbayo? Ayi bambo, si chaka chino.

Eya, khuthula pansi yonse. Ndi ina ili m'dzanjayo. Basi, tiye, poyambira pake m'pomwepo.